Masiku asanu odikira kontena ku Guangzhou: ndikaone chilumba cha Hainan?

Mayi a Tamanda: Odi muno abale anga. Ndabwera ndi funso, makamaka kwa inu amene mukukhala ku China kapena munayendako kupitirira Guangzhou. Ndikunyamuka kumayambiriro kwa Novembala kukaoda katundu monga mwa nthawi zonse, koma a fakitale andiuziratu kuti matailosi anga achedwerapo. Pakhala masiku asanu ongokhala, kuchokera tsiku lolipira kufika tsiku lopakira kontena. Ulendo uno ndi wachisanu ndi chiwiri, koma China amene ndimamudziwa ine ndi madera a Xiaobei ndi Sanyuanli mu Guangzhou, mzinda wa Foshan ndi bwalo la ndege basi. Mwana wanga wandionetsa zithunzi za chilumba cha Hainan, akuti kuli mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati. Chibadwire sindinaviikepo phazi m'nyanja yamchere. Masiku asanu angakwane? Pakufunika viza ina? Nanga mayi ndekhandekha, Chitchaina changa chongowerengera ndalama, ndingakwanitse?

NaPhiri wa ku 25: Asisi, ine ndinene mosabisa. Katundu sasiyidwa. Ine ndinachokapo masiku awiri okha kukaona mnzanga mumzinda wina, pobwera ndinapeza makatoni atamatidwa kale. Nditafika nawo ku Lilongwe theka linali la giredi yotsika, osati imene ndinalipira. Ndinalira ndekha m'shopu. Mukafuna nyanja, Senga Bay ali pompa.

Mayi a Tamanda: Ndamva asisi, ndipo nkhani yanuyo ndimaikumbukira. Koma masiku amenewa katundu adzakhala asanatuluke n'komwe. Tsiku loyendera ndi lopakira ndidzakhalapo ndekha, zimenezo sindingatumire ejenti.

Kondwani ku Haikou: Moni amayi. Ine ndili konkuno chaka chachitatu tsopano, ndikuphunzira ku Haikou, likulu la chigawochi. Ndiyambe ndi viza: Hainan ndi chigawo cha China ngati Guangdong yemweyo, ndipotu kale chinali mbali ya Guangdong mpaka 1988 pamene chinaima pachokha. Viza imene mwalowera nayo ku Guangzhou ndi yomweyo, bola masiku ake akhale asanathe. Musasokonezeke ndi zimene zimalembedwa pa intaneti zoti ku Hainan amalowa opanda viza. Zimenezo ndi za mayiko 59 amene analengezedwa mu 2018, ndipo Malawi panalibe.

Masiku asanu akwana, koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musawathere onse ku Sanya. Aliyense akamva Hainan amathamangira ku Sanya, mzinda wa kum'mwera, chifukwa zithunzi zonse zimajambulidwa kumeneko. Magombe ake ndi okongola, sindikutsutsa, koma mukangokhala kumeneko mudzabwerera mutaona mahotela ndi alendo anzanu, chilumbacho osachiona. Ndi chachikulu, kuposa pang'ono nyanja yathu ya Malawi yonse, ndipo muli anthu oposa 10 miliyoni.

Mayi a Tamanda: Mwana wanga wandithandiza. Nanga kafikidwe kake? Ndikuona pamapu kuti pali madzi pakati.

Kondwani ku Haikou: Eya amayi, pali mpata wa nyanja wotchedwa Qiongzhou, ndipo mlatho palibe. Njira yachidule ndi ndege, Guangzhou kufika Haikou ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ina ndi ya sitima yapamtunda, imene imayenda usiku wonse. Ikafika kugombe amaidula zigawozigawo n'kuilowetsa m'mimba mwa sitima yapamadzi, inu muli momwemo m'mabogi, n'kukailumikizanso tsidya linali. Ndinakwerapo kamodzi ndipo sindidzaiwala, koma pa nthawi yowolokayo m'mabogi mumatentha kwambiri. Kwa inu amene masiku ndi owerengeka, kwerani ndege.

Pachilumba penipeni ndiye mosavuta. Pali njanji ya sitima yothamanga yozungulira chilumba chonse ngati mkanda, makilomita oposa 600. Mbali ya kum'mawa inatsegulidwa mu 2010, ya kumadzulo mu 2015. Kuchoka Haikou kufika Sanya podzera kum'mawa ndi pafupifupi maola awiri, ndipo siteshoni ina ili pabwalo la ndege la Meilan ku Haikou pomwepo. Ndiye mungathe kutera ku Haikou, kutsika pang'onopang'ono ndi sitima, n'kudzanyamukira ku Sanya pabwalo la Phoenix pobwerera.

A Mbewe: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Ine ndinapitako ndi gulu la anzathu a kuntchito titamaliza maphunziro a milungu itatu. Anatitengera ku Sanya masiku awiri. Mnyamatayu akunena zoona pa za njanji, koma pa za Sanya ndisiyana naye pang'ono. Mayi amene sanaonepo nyanja yamchere musamuchepetsere nyanjayo. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, madzi ndimawadziwa, koma nditaima pa Yalong Bay m'mawa ndinangoti kukamwa yasa. Gombe lopindika ngati mwezi, makilomita angapo, mchenga wosalala ngati ufa woyera, mafunde obwera ndi mphamvu ina yosiyana ndi ya mwera wathu. Mayi a Tamanda, mupiteko ndithu, ndipo mulawe madziwo ndi lilime kuti mukhulupirire.

Kondwani ku Haikou: Sindikutsutsa bambo. Ndikungoti masiku awiri ku Sanya, osati asanu.

A Mbewe: Pamenepo tagwirizana.

Thoko wa ku Salima: Ine ndimagwira ntchito pamalo ogona alendo kunyanja kuno, ndiye ndikuwerenga ndi chidwi china. Kondwani, magombe akumeneko ndi a aliyense kapena mahotela anatchinga? Chifukwa kuno nkhani imeneyo imativuta, munthu wa m'mudzi momwemo kusowa polowera kumadzi.

Kondwani ku Haikou: Achemwali, zimasiyana. Dadonghai ndi Sanya Bay mumalowa ulere, ndipo ndi m'tauni momwemo. Pa Sanya Bay pali msewu wautali wa mitengo ya kokonati m'mbali mwa madzi, madzulo kumadzaza agogo ovina, ana, ogulitsa zipatso, aliyense. Dzuwa limalowera kumeneko, ndiye ndi pabwino kukhala madzulo. Yalong Bay ndi Haitang Bay ndi kwa mahotela akuluakulu, komabe ku Yalong kuli mbali yolowera anthu wamba. Ku Haitang mafunde ndi oopsa, malo ambiri saloleza kusambira.

Dadonghai mudzadabwa kuona zikwangwani za Chirasha paliponse, chifukwa anthu a ku Russia amabwera ambiri kuthawa chisanu. Chimodzimodzinso okalamba ochokera kumpoto chakum'mawa kwa China, monga ku Harbin. Amabwera Novembala n'kudzabwerera Malichi kapena Epulo, ena anagula nyumba. Anthu a konkuno amawatcha mbalame zosamuka.

Che Yusufu: Salaam kwa nonse. Ine ndimakhala ku Guangzhou miyezi yambiri pachaka, Sanya ndapitako kawiri. Ndiwonjezere za chakudya kwa anzanga Asilamu amene akuwerenga mwakachetechete. Pafupi ndi bwalo la ndege la Phoenix pali midzi iwiri, Huihui ndi Huixin, ya Asilamu amene makolo awo anachokera ku ufumu wakale wa Champa, kumene lero ndi Vietnam, zaka mazana ambiri zapitazo. Ali ndi chiyankhulo chawochawo, mizikiti ilipo, chakudya cha halal chosavuta kupeza, nsomba ndiye mbwee. Ndinaswali nawo Lachisanu, anandilandira ngati m'bale. Kwina konse pachilumba funani malo a zakudya za Lanzhou a zikwangwani zobiriwira, ngati a ku Xiaobei omwe aja.

Mayi a Tamanda, chenjezo limodzi. Ku Sanya kuli msika wotchedwa First Market kumene mumagula nsomba, nkhanu ndi zina zamoyo, n'kupita nazo kumalo ophikira apafupi kuti akuphikireni pamtengo wina. Ndi zokoma kwambiri. Koma inu ndinu wa geni, mukudziwa za sikelo. Ulendo wanga woyamba wogulitsa wina anandiyezera nkhanu m'jumbo yodzaza madzi, ndinalipira madziwo pamtengo wa nkhanu. Uzani wogulitsa aboole jumbo madzi atuluke, ndipo mtengo wophikira mugwirizane asanayatse moto. Wa takisi akakuuzani kuti akudziwa malo abwino a nsomba, mukaneni mwaulemu.

Mayi a Tamanda: Che Yusufu, za sikelo musade nkhawa, ndakulira mumsika wa Limbe. Koma nkhanu sindidya. Kuli chakudya china chimene munthu wozolowera nsima angakhute nacho?

Kondwani ku Haikou: Apa ndiye mwafika pamtima panga amayi. Nkhuku ya ku Wenchang. Ndi nkhuku ya lokolo, amaiwiritsa yathunthu mosapyoza, n'kuidula tizidutswa, khungu lake lachikasu lonona. Mpunga amauphika ndi msuzi ndi mafuta a nkhuku yomweyo. Pambali amakupatsani kambale ka jinja, adyo ndi timandimu ting'onoting'ono tobiriwira toti mufinyiremo. Mpunga wa nkhuku wotchuka ku Singapore uja gwero lake ndi limeneli, anapita nawo ndi anthu ochoka kuno. Mukaona pafupi ndi fupa pali pofiirira musadabwe, ndi mmene amaikondera, koma mungathe kupempha kuti aiwiritsenso.

Chinanso ndi tsabola wachikasu wa konkuno, amamutcha nyali yachikasu chifukwa cha maonekedwe ake. Tsiku loyamba kumununkhiza ndinaima chilili, chifukwa ndi fungo la kambuzi lenileni. Amagulitsa wosinja m'mabotolo. Ine ndikasowa kwathu ndimaphika nsima ya ufa wachikasu wa m'shopu, mazira, ndi tsabola ameneyu.

Kukatentha funani qingbuliang. Ndi mkaka wa kokonati wozizira, muli nyemba zofiira, chimanga, mavwende, mtedza ndi zina zambiri m'mbale imodzi. Poyamba nyemba zotsekemera zimadabwitsa, kenako mumazolowera. Mango, zinanazi ndi kokonati wakumwa ndiye ali pangodya iliyonse.

NaPhiri wa ku 25: Nyemba za shuga ine ayi. Koma za kambuzi mwandigwira mtima.

A Mbewe: Pali malo amodzi amene sanatchulidwe, Nanshan. Ndi kumadzulo kwa Sanya. Pali chifanizo choyera cha Guanyin cha Abuda, chotalika mamita 108, chili pakachilumba kochita kumanga m'nyanja, mumayenda pamlatho kukafika. Chili ndi nkhope zitatu, imodzi yoyang'ana kumtunda, ziwiri kunyanja. Anamaliza mu 2005. Ndege ikamatera ku Sanya nthawi zina chimaonekera pawindo.

NaPhiri wa ku 25: Bambo Mbewe, Mayi a Tamanda ndi a Mvano. Mukuwatumiza kokagwadira mafano?

A Mbewe: Ayi mayi, inenso ndine mkulu wa mpingo. Palibe amene amakukakamizani kugwada kapena kufukiza. Eni chipembedzo amachita zawo, inu mumangoyenda mwaulemu n'kumaona. Ine ndinapitako kukaona luso la zomangamanga, ndipo ndinatuluka chikhulupiriro changa chili chomwecho. Koma ngati mtima wa munthu sukumasuka, asapite, palibe cholakwa.

Mayi a Tamanda: Ndiganizira. Mwina ndingochionera patali. Kondwani, tandiuza za ku Haikou kwanuko, popeza ukulimbikira kuti ndisakudumphe.

Kondwani ku Haikou: Zikomo amayi. Ku Haikou gombe lake silifika pa la Sanya, madzi ake si oyera choncho. Chimene chilipo ndi moyo wa anthu. Pakati pa mzinda pali misewu yakale yotchedwa Qilou, monga Zhongshan ndi Deshengsha. Nyumba zake ndi zosanja, pansi shopu, pamwamba pogona, kutsogolo khonde lalitali lolumikizana kuti munthu ayende osanyowa ndi mvula kapena kupsa ndi dzuwa. Zambiri zinamangidwa m'ma 1920 ndi 1930 ndi anthu a kuno amene anapita kukasaka ndalama ku Singapore, Malaya ndi Thailand n'kubwerera nazo. Nthawi zonse ndikamadutsa ndimakumbukira makonde a mashopu akale a ku Limbe, komanso agogo anga amene anamanga nyumba ya malata ndi ndalama za ku Joni. Inu monga munthu woyenda kukasaka, ndikukhulupirira kuti malo amenewa akuyankhulani.

Mukatopa lowani m'malo a tiyi amene amati laobacha, kutanthauza tiyi wa abambo okalamba. Ndi malo wamba, mipando yapulasitiki, tiyi kapena khofi wothira mkaka wa m'chitini, mabanzi ndi zina zodyera, mtengo wotsika. Anthu amakhala maola ambiri akucheza ndi kuwerengera manambala a lotale papepala. Palibe amene amakuthamangitsani. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzirira kuti anthu a kuno ali ndi chiyankhulo chawo, chosiyana kwambiri ndi Chimandarini chimene timaphunzira m'kalasi.

Kunja kwa mzinda pang'ono kuli phiri lophulika lomwe linazima kalekale, la Ma'anling. Mumakwera masitepe mpaka pamlomo pake n'kutsikira m'dzenjemo, momwe tsopano muli mitengo yokhayokha. Midzi yozungulira inamangidwa ndi miyala yakuda ya phirilo, nyumba, mipanda, njira, zonse. Theka la tsiku likwana.

Thoko wa ku Salima: Zimenezi n'zimene ndimawauza mabwana anga, kuti mlendo akasambira masiku awiri amafuna kuona mmene anthu amakhalira. Nanga eni chilumba enieni ndi ndani? Kapena onse ndi Atchaina amodzimodzi?

Kondwani ku Haikou: Oyamba kukhala kuno ndi a mtundu wa Li, alipo oposa miliyoni imodzi, ambiri ali kumapiri a pakati ndi kum'mwera, madera a Wuzhishan, Baoting ndi Ledong. Kulinso a Miao. Amayi a Chili amaluka nsalu atakhala pansi, miyendo atatambasula, mapazi atagwira ndodo ya choombera, mbali ina atamanga m'chiuno. Thonje amapota okha, utoto amatenga ku mitengo ndi masamba. UNESCO inaika luso limeneli pamndandanda wa zofunika kutetezedwa mwachangu mu 2009 chifukwa odziwa anali atatsala ochepa. Agogo ena okalamba kwambiri akadali ndi mphini kumaso ndi m'miyendo, mwambo umene unatha. Agogo anga aakazi ku Dedza anali ndi mphini, ndiye nditawaona koyamba misozi inalengeza.

Malo osavuta kufika kuchokera ku Sanya ndi Binglanggu, ku Baoting, pafupifupi ola limodzi pagalimoto. Ndinene zoona, ndi malo okonzera alendo, pali magule a pa nthawi yoikika ndi mashopu. Koma agogo oluka aja ndi enieni, ndipo nyumba zaudzu zooneka ngati bwato lovundikira mudzaziona. Njira yake yokha ndi yosangalatsa, minda ya mitengo ya mphira ngati ya ku Vizara, ndi mitengo yaitali yowonda ya betel. Mtedza wa betel umenewu anthu amatafuna kwambiri, mukaona madontho ofiira pansi musaganize kuti ndi magazi.

A Mbewe: Ndipo pali nthano ya mbawala, ya anthu omwewa a Chili. Ku Sanya kuli kaphiri kotchedwa Luhuitou, kutanthauza mbawala yacheuka. Akuti mlenje wachinyamata wa Chili anathamangitsa mbawala kuchokera kumapiri mpaka inafika pamapeto a mtunda, kutsogolo nyanja yokhayokha. Atakoka uta, mbawala inacheuka n'kusanduka namwali wokongola, ndipo anakwatirana. Pamwamba pali chosema chake, ndipo mzinda wonse umaoneka bwino madzulo magetsi akayaka. Kumeneko mupite, Mayi a Tamanda, kulibe chokhumudwitsa Mkhristu.

Thoko wa ku Salima: Nanga phiri lalikulu la pakatilo amakwera?

Kondwani ku Haikou: Wuzhishan, phiri la zala zisanu, mamita 1,867. Poyerekeza ndi Sapitwa ndi lalifupi, koma njira yake ndi yoimirira, mizu ndi makwerero, ndipo kukagwa mvula kumakhala misundu yambiri. Amayi asayese ulendo uno. Nkhalango yonse ya pakatiyi inakhala paki ya dziko mu 2021. Kumadzulo kwake, ku Bawangling, kuli anyani a manja aatali otchedwa gibbon amene sapezeka kwina kulikonse padziko, atsala makumi ochepa okha. Kumene amakhala alendo saloledwa.

NaPhiri wa ku 25: Zonsezi ndamva, koma funso langa ndi ili. Chilumba ndi chilumba. Kukachita mphepo ndege zikaima, tsiku lopakira lafika, asisi ali tsidya lina, zidzatha bwanji? Kontena sidikira munthu, ndipo ikachedwa ndalama zake mukuzidziwa.

Kondwani ku Haikou: Funso limeneli ndi lenileni anti, ndipo sindilipeputsa. Anamondwe amabwera kwambiri kuyambira Julaye mpaka Okutobala. Pa 6 Sepitembala 2024 namondwe Yagi anagwera ku Wenchang n'kudutsa pa Haikou, ine ndili m'chipinda chogona kusukulu. Mawindo ankanjenjemera usiku wonse, m'mawa mitengo ili lambalamba m'misewu, madera ambiri opanda magetsi ndi madzi kwa masiku. Ndege, sitima zapamtunda ndi zapamadzi, zonse zinaima. Ndinakumbukira Freddy, ngakhale kuno chachikulu chinali mphepo osati matope. Novembala chiopsezo chimachepa koma sichitheratu, ndipo mbali ya kum'mawa, ku Qionghai ndi Wanning, imakhalabe ndi mvula. Ubwino wake namondwe sabwera mozemba, amalengeza masiku angapo asanafike. Amayi aone zanyengo asanagule tikiti, ndipo abwerere ku Guangzhou kutatsala tsiku lathunthu, osati m'mawa wa tsiku lopakira.

NaPhiri wa ku 25: Tsiku lathunthu. Asisi mwamva? Pamenepo ndiye ndavomera.

Che Yusufu: Ndipo mwasankha mwezi wabwino. Nthawi yoipa ndi sabata yoyamba ya Okutobala ndi Chaka Chatsopano cha Atchaina, Januwale kapena Febuluwale. Nthawi imeneyo China yense amakhamukira ku Sanya, mitengo ya zipinda imakwera kangapo, tikiti yobwerera kusowa. Za malo ogona: musanalipire, tsimikizani kuti amalandira alendo a mapasipoti akunja. Boma linanena mu 2024 kuti mahotela asamakane alendo, komabe ine kanyumba kena kakang'ono kanandibweza usiku, akuti sadziwa kulembetsa pasipoti kupolisi. Lembani uthenga kudzera pa app imene mwabukitsira, ayankhe, musunge yankholo. Pasipoti muziyenda nayo, ndi imene imakhala tikiti yanu ya sitima. Pageti pitani mbali imene pali munthu woyang'ana ndi maso. Alipay ndi WeChat zanu zolipirira pafoni za ku Guangzhou zikagwira ntchito chimodzimodzi, Didi, app yoitanira takisi, nayonso ilipo.

Mayi a Tamanda: Nanga mashopu opanda msonkho amene ndikumva aja? Mwina ndingapezeko mafuta onunkhira oti ndikagulitse.

Che Yusufu: Ayi mayi, pamenepo samalani. Shopu yaikulu ili ku Haitang Bay, inatsegulidwa mu 2014, ndipo kuyambira 2020 munthu amaloledwa kugula mpaka 100,000 yuan pachaka. Koma lamulo lake ndi la zogwiritsa ntchito mwini. Kugulira ena kapena kukagulitsa ndi mlandu, amakuletsani kugula zaka zitatu, ndipo zikakula zimafika kukhoti. Ndiponso ndi katundu wa mayina akuluakulu, ngakhale atachotsa msonkho kasitomala wa ku Limbe sangafikire. Gulani botolo limodzi lanu ngati mwalikonda, geni isiyeni ku Guangzhou.

Mphatso: Pepani kulowerera, ine ndi mwana wa sukulu ku Zomba. Achimwene Kondwani, ndi zoona kuti kumeneko amaulutsa maroketi anthu akuonerera?

Kondwani ku Haikou: Zoona mng'ono wanga. Ku Wenchang komwe kumachokera nkhuku kuja, pafupi ndi tauni ya Longlou. Roketi yoyamba inanyamuka mu 2016. Chombo cha Chang'e 5 chimene chinakatenga dothi kumwezi mu 2020 chinanyamukira pamenepo, chimodzimodzi chigawo chachikulu cha siteshoni ya m'mlengalenga ya China mu 2021. Anasankha malowa chifukwa ali kufupi ndi equator, kumene kuzungulira kwa dziko kumathandiza kukankha roketi, komanso maroketi akuluakulu amabwera pa sitima yapamadzi, ndipo zidutswa zake zimagwera m'nyanja osati pamidzi. Anthu amaonerera ali pamchenga. Ine ndinaonapo kamodzi usiku. Kumayamba kuwala ngati kwacha, phokoso limabwera pambuyo, ndipo limamveka m'chifuwa osati m'makutu mokha. Limbikira masamu, udzabwere udzaone wekha. Amayi, inu musakonzere ulendo pa zimenezi, masiku ake amasinthasintha.

Mayi a Tamanda: Chatsala chimodzi chimene ndimachita nacho manyazi kufunsa. Ku Guangzhou anthu akuda tilipo ambiri, palibe amene amacheuka. Kumeneko zili bwanji?

Kondwani ku Haikou: Adzakuyang'anani amayi, makamaka kumidzi ndi alendo ochokera kumadera akutali a China. Ena adzapempha kujambulitsa nanu, ena adzajambula osapempha, ndipo zimenezo zimawawa masiku ena. Ine ndimagwedeza dzanja kukana ndipo ambiri amasiya. Sindinaopsezedwepo, ndipo usiku ndimayenda momasuka. M'madzi ndi momwe muyenera kusamala. Nyanja iyi si ya ku Mangochi, pali mafunde ena amene amakokera munthu mkati ngakhale madzi ali m'chiuno. Sambirani pokhapo pali zingwe ndi opulumutsa anthu, mbendera yofiira ikakwezedwa musalowe. Dzuwa nalonso limawotcha ngakhale khungu lathu. Malungo kulibe, bungwe la WHO linatsimikiza mu 2021 kuti China yathana nawo, koma udzudzu wa dengue ulipo, ndiye mafuta othamangitsa udzudzu mutenge.

Mukatera ku Meilan mundiuze kumbali, Loweruka sindikhala ndi kalasi, ndidzakuperekezani ku Qilou.

Mayi a Tamanda: Ambuye akudalitse mwana wanga. Ndikubweretsera ufa woyera ndi usipa. Ndiye ndapanga chonchi: usiku umodzi ku Haikou, awiri ku Sanya, tsiku lina mwa amenewo kumapiri, lachinayi madzulo ndabwerera.

Kondwani ku Haikou: Ufa wokha amayi, usipa angakulandeni pabwalo la ndege, zanyama ndi zansomba amaletsa kulowa nazo.

Mayi a Tamanda: Abale anga, ndabweranso pa nkhani ija patapita milungu itatu. Ndinapita, ndabwerako, kontena ili panjira ya ku Beira ndipo matailosi ndinawayendera bokosi ndi bokosi, NaPhiri mtima ukhale m'malo. Madzi ndinalawa monga ananenera a Mbewe, ndi mchere weniweni, ndipo ndinalowa mpaka m'mawondo pa Dadonghai chitenje ndili nacho. Ku Nanshan sindinapite. Ku Luhuitou ndinapita, ndinakhala mpaka mdima. Kondwani anandidyetsa nkhuku ija, ndipo mabotolo atatu a tsabola ndabwera nawo, limodzi ndi la NaPhiri.

Koma chimene chakhala m'mutu mwanga ndi gogo wina woluka ku Baoting. Ndinakhala pansi pambali pake pafupifupi ola lathunthu. Iye Chichewa sadziwa, ine chiyankhulo chake sindidziwa. Anagwira chitenje changa, n'kuchitembenuza kuona kuseri, n'kupukusa mutu posonyeza kuti maluwa ake ndi ongodinda. Kenako anatembenuza nsalu yake kundionetsa kuti yake maluwa ndi olukira mkati, ulusi ndi ulusi. Ine ndagulitsa nsalu zaka khumi ndisanayambe matailosi, koma sindinaonepo ntchito yotero.

A Mbewe: Tiponyereni chithunzi chake mayi.

Mayi a Tamanda: Sindinamujambule bambo. Anthu anali atamuzungulira ndi mafoni tsiku lonse, ndipo ine ndinali nditangolawa kumene mmene zimamvekera. Ndinagula kansalu kakang'ono kamene anali atamaliza, kotalika ngati mkono wanga. Mukadzadutsa ku Limbe mudzakaone kushopu, ndakapachika kuseri kwa kauntala.

Thoko wa ku Salima: Ine ndibwera Loweruka likudzali, ndili ndi ulendo wa ku Blantyre. Mundisungireko tsabola pang'ono m'kabotolo, ndikufuna ndimuyerekeze ndi kambuzi wa kuno.